Mukati socialization, mukunena kulera, kucheza kapena kulanda?

Tinali pansi pa mtengo wa mango pabwalo la mfumu, m'mudzi wina wa chigawo cha kum'mwera, pa msonkhano wofuna kudziwa chimene chimachotsa atsikana pasukulu akafika Sitandade 7. Amene anabwera ndi nkhaniyo anali mtsikana wophunzira bwino wa ku bungwe lina, ndipo kuti mtima wake unali pa anawo sindikayika. Koma atafika pa phata la nkhani, Chichewa chinamuthawa. Anati, "Amfumu ndi makolo nonse, vuto lalikulu kuno ndi socialization." Mnyamata wa m'mudzimo amene ankathandiza kumveketsa mawu anayamba wakhala chete, kenako anati, "Akuti vuto ndi maleredwe."

Mayi wina wachikulire, amene ndinamva pambuyo pake kuti ndi namkungwi, anadzuka pamkeka, nakonza chitenje, nafunsa mosakweza mawu: "Mwana wanga, mukati maleredwe, walera moipa ndani? Ine, bambo ake a mwanayo, aphunzitsi, kapena abambo obwera ndi ndalama kuchokera ku Joni aja?"

Funso limenelo silinayankhidwe pabwalopo, ndipo ndi limene landikhalitsa pansi kuti ndilembe. Liwu lakuti socialization lafala m'misonkhano ya mabungwe, m'makalasi, m'malipoti a m'maofesi ndi pa wayilesi, ndipo timalitchula ngati kuti tonse tikumva chinthu chimodzi. Sitikumva chimodzi ayi. Ngakhale eni ake a Chingerezi analisenzetsa mitolo ingapo yosafanana. Ine maganizo anga ndi akuti tisataye nthawi kusakasaka liwu limodzi la Chichewa loti lilowe m'malo mwake. Aliyense wolitchula tizimupempha kuti anene mneni wake: kodi akunena kulera, kulanga, kucheza, kuweta, kulengeza kapena kulanda? Tonse tinaphunzira m'kalasi ya Chichewa kuti mneni amayenda ndi mwininkhani ndi pamtherankhani. Wina amalera wina. Wina amalanda cha wina. Dzina lalitali lija limameza onse awiri, n'kutsala chinthu chongochitika chokha ngati nyengo.

Muzu wa liwuli ndi wa Chilatini, socius, kutanthauza mnzako woyenda naye. Amene analipatsa ulemu m'sukulu zaukachenjede ndi akatswiri a za kakhalidwe ka anthu. Émile Durkheim wa ku France, amene anamwalira mu 1917, ankaphunzitsa kuti maphunziro ndi ntchito imene akulu amaichita mwadongosolo pa ana kuti awasandutse anthu a m'gulu lawo, ndipo ntchito imeneyi ndiyo mtolo woyamba wa liwuli. Mu 1966 Peter Berger ndi Thomas Luckmann anaigawa ntchitoyi pawiri: yoyamba ya pakhomo, pamene mwana amayamwira chilankhulo ndi khalidwe osadziwa n'komwe kuti kuli makhalidwe ena, ndi yachiwiri ya kusukulu, kutchalitchi, kumzikiti, kuusilikali kapena kuntchito, pamene munthu woumbika kale amalowetsedwa m'kagulu katsopano. Mfundo yawo yaikulu ndi yakuti umunthu sitibadwa nawo wathunthu. Mu 1800 ku Aveyron m'dziko la France anagwira mnyamata wa zaka ngati 12 amene ankakhala yekha m'nkhalango. Anamutcha Victor, ndipo dokotala Jean Itard analimbana naye zaka zisanu, koma kulankhula kwenikweni sanakudziwe mpaka imfa yake mu 1828. Ku Romania ulamuliro wa Ceaușescu utagwa mu 1989, dziko linaona ana oposa 100,000 m'nyumba zosungiramo ana za boma, ambiri a iwo odyetsedwa koma osanyamulidwa, osayankhulidwa, osaseweretsedwa, ndipo matupi ndi nzeru zawo zinali zitapinimbira. Makolo athu sanadikire umboni woterewu. Anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.

Pano ndiyenera kulichitira chilungamo liwuli, chifukwa pali mphatso imodzi imene latipatsa yomwe liwu lathu lakuti kulera silipereka msanga. Kulera ndi mawu otamanda. Timati mwana woleredwa bwino, ndipo woipa timamuti wopanda mwambo, ngati kuti kuipa kumabwera pamene chiphunzitso chasowa. Socialization sisankha. Imanena kuti kuipanso kumaphunzitsidwa, ndipo kawirikawiri ndi anthu okonda mwanayo. Mnyamata amene amaona mlongo wake akudzuka tambala woyamba kupita kumjigo iye akadali pa mphasa akuphunzira. Mwana amene amaona bambo ake akupinda ndalama m'manja kuti pepala lituluke msanga pa ofesi akuphunzira. Mtsikana amene amaona mayi ake akumenyedwa, kenako achibale akuwauza kuti banja n'kupirira, akuphunzira. Palibe kholo limene lingati pamenepa ndikulera, koma phunziro likulowa kuposa la pa bolodi. Ndipo tikakula timadzati n'chibadwa: amuna ndi otero, a mtundu wakutiwakuti ndi otero. Aliyense amene watsegulidwa maso n'kuona kuti zambiri zimene timazitcha chibadwa zinachita kuphunziridwa wapindula chinthu chachikulu, chifukwa chophunziridwa chingathe kuleka kuphunzitsidwa. Mfundo imeneyi ndikuikumbatira ndi manja awiri.

Koma taonani kuti ndaifotokoza yonse m'Chichewa, ndipo pa chitsanzo chilichonse mwaona nkhope ya munthu: bambo, achibale, amene anagawa ntchito ya kumjigo. Apa ndi pamene pali dandaulo langa. Kwathu ntchito youmba munthu sinali mtambo. Inali ndi eni ake odziwika ndi maudindo awo. Kunali namkungwi ndi phungu ku chinamwali, akulu a kudambwe, angaliba ku jando, agogo ku kuka, anyamata okulirapo ku mphala, atsibweni amene mawu awo ankalemera pa ana a mlongo wawo, ankhoswe pa banja latsopano. Ngakhale Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha Achewa a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, si kuvina chabe. Amayenda limodzi ndi kulowetsa anyamata m'gulu la akulu. Munthu akachita zachilendo funso linali lolunjika: anakulanga ndani? Tsamba likagwa manyazi agwira mtengo, ndipo mtengowo unkadziwika. Sindikunena kuti zonse zophunzitsidwa m'malo amenewa zinali zabwino. Zina zinali zoipa ndipo zina zikadali zoipa, makamaka malangizo ouza kamtsikana ka zaka 12 kuti tsopano kakula, kakhoza kulowa m'nyumba. Chimene ndikunena n'chakuti choipa chokhala ndi mwini chimatheka kuchiitanira pabwalo.

Ndi mmene anachitira Inkosi Kachindamoto ku Dedza. Mayi Theresa Kachindamoto sanalimbane ndi dzina losaoneka. Anaitana mafumu awo ang'onoang'ono, makolo, a mipingo ndi anamkungwi, nagwirizana nawo pa malamulo a m'dera. Mafumu amene anapitiriza kuloleza maukwati a ana anawaimitsa pa udindo, ndipo maukwati mazanamazana anawathetsa, ana n'kubwerera kusukulu. Nyumba ya Malamulo nayonso inalankhula ndi aneni pamene mu 2015 inakhazikitsa lamulo la maukwati loika zaka 18, ndi mu 2017 pamene inasintha malamulo oyendetsera dziko kutseka mpata umene unkalola ana a zaka 15 kukwatiwa makolo akavomera. Lamulo limati wokwatira mwana, wokwatitsa mwana. Likanati socialization, palibe akanaimirira m'bwalo la milandu.

Tsopano tione mtolo wachiwiri, umene ambiri kuno sitiudziwa n'komwe kuti uli m'liwu lomweli. M'nkhani za chuma, socialization ndi kuchotsa migodi, mafakitale, minda kapena nyumba m'manja mwa eni ake n'kuziika m'manja mwa anthu onse. Ku Germany ufumu utagwa mu Novembala 1918, boma latsopano linakhazikitsa komiti yoona za nkhaniyi, wapampando wake Karl Kautsky, ndipo maso awo anali makamaka pa migodi ya malasha. Mpaka lero ndime 15 ya malamulo oyendetsera dzikolo, a mu 1949, imalola kuchita zimenezi bola pakhale chipukutamisozi. Mu Seputembala 2021 anthu a mu Berlin oposa miliyoni imodzi anavota kuti makampani okhala ndi nyumba zalendi zoposa 3,000 alandidwe nyumbazo chifukwa lendi inali itakwera mosapiririka. Ku America liwu lomweli linasanduka chiopsezo. Pulezidenti Harry Truman atapempha mu 1945 kuti pakhale inshulansi ya zaumoyo ya dziko lonse, bungwe la madokotala la American Medical Association linaitcha socialized medicine, mawu amene ankanunkhiza chikomyunizimu m'makutu a anthu a nthawi imeneyo, ndipo ganizolo linafa. Ku Britain chinthu chofananacho chinayamba mu 1948 ndi dzina lakuti National Health Service, ndipo Amalawi ambiri akugwira ntchito m'zipatala zake lero. Chinthu chimodzimodzi, kwina chonyadira, kwina chotukwanira.

Koma chitsanzo chimene chimandikhudza kwambiri chili pafupi, kungodumpha malire pa Dedza kapena pa Mwanza. Chipani cholamula ku Mozambique cha FRELIMO, pa msonkhano wake waukulu wachitatu mu 1977, chinasankha njira ya Marx ndi Lenin, ndipo ndondomeko yake ya kumidzi inkatchedwa socialização do campo, kutanthauza socialization ya kumidzi m'Chipwitikizi. Pa pepala zinali zokoma: anthu okhala motalikirana asonkhane m'midzi ikuluikulu kuti sukulu, chipatala ndi mjigo ziwafike, ndipo alime pamodzi m'makopaletivi ndi m'minda ya boma. Ku Angónia, kumene anthu amalankhula chilankhulo chathu chomwechi, kunali munda waukulu wa boma wa mtundu umenewu. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, anthu oposa miliyoni imodzi anali m'midzi yotereyi, ena mwa kufuna kwawo, ambiri mochita kukakamizidwa. Ofufuza mbiri angapo alemba kuti mkwiyo wa anthu osamutsidwa ndi wa mafumu ochotseredwa ulemu unathandiza RENAMO, gulu limene linkamenyana ndi boma, kupeza otsatira m'madera ena, m'nkhondo imene inathamangitsira anthu pafupifupi miliyoni imodzi kuno ku Malawi. Tsono taganizani mlimi wa ku Tete atauzidwa m'chilankhulo chake zimene zinali mu socialização: musamuka, musiya manda a makolo anu, musiya mitengo ya mango imene munabzala, munda wanu ukhala mtunda wa maola awiri. Akanatha kuvomera kapena kukana, koma akanadziwa chimene akuvomera. Liwu lalikulu linathandiza olamula kuti asamve kulemera kwa zimene akulamula. Sindikutsutsa kuti chuma china chikhale cha onse. Chipatala cha boma chosalipiritsa chapulumutsa abale anga ambiri. Ndikutsutsa kubisa mneni wakuti kusamutsa kapena kulanda pamene iye ndiye akugwira ntchito.

Mtolo wachitatu ndi wa m'maofesi, ndipo ukukula msanga. Masiku ano mumamva bwana akuti ganizo ili tiyambe tali-socializer, kutanthauza kuti tiliyendetse kwa anthu alizolowere lisanafike pa msonkhano wovomereza. Ku Indonesia anafika polipanga liwu lawolawo, sosialisasi, ndipo boma likakonza lamulo kapena chitukuko limatuma anthu kukachita sosialisasi m'midzi. Kwathu kuno mbale wake ndi sensitisation. Mawu awiriwa amandidetsa nkhawa pa chifukwa chimodzi. M'Chichewa kuuza anthu ndi kufunsa anthu n'zosiyana ngati usiku ndi usana. Kulengeza n'kwina, kukambirana n'kwina, kupempha chilolezo n'kwinanso. Lipoti likati ntchito yomanga damu kapena yotsegula mgodi inachitidwa socialize kwa anthu a m'deralo, wowerenga ku Lilongwe kapena ku London amaganiza kuti anthu anavomera, pamene mwina anangokhala padzuwa n'kumvetsera zomwe zinatha kale kugamulidwa. Wolemba lipotilo atakakamizidwa kulemba m'Chichewa, akanasankha pakati pa tinawauza ndi tinawafunsa, ndipo akanalemba tinawafunsa pamene anangowauza, bodza likanaonekera poyera, mfumu iliyonse ikanatha kulitsutsa.

Mitolo ina iwiri ndingoidutsa mothamanga. Oweta agalu amati socialization ponena za kuzoloweza kagalu anthu, ana, phokoso ndi agalu ena kakadali kakang'ono. John Paul Scott ndi John Fuller, amene anafufuza agalu zaka zambiri ku Bar Harbor ku America ndi kufalitsa zotsatira mu 1965, anapeza kuti nthawi yake yeniyeni ndi kuyambira sabata yachitatu kufika cha ku ya 12. Ikadutsa, galu amavuta kumuchotsa mantha. Ndipo m'kulankhula kwa tsiku ndi tsiku, liwuli limangotanthauza kucheza. Kusakaniza matanthauzo awiri, kucheza ndi kuumbidwa, ndi kumene kumasokoneza mkangano wa ku America ndi ku Britain wokhudza makolo ophunzitsa ana awo pakhomo. Wotsutsa akafunsa za socialization, kholo limayankha kuti mwanayo amasewera mpira ndi anzake Loweruka lililonse. Koma wofunsayo mwina amatanthauza zina: kodi mwanayu adzaphunzira kuti kukhala pa benchi limodzi ndi mwana wa chipembedzo china, kudikira pa mzere, kumvera munthu amene si mayi ake? Mmodzi akunena kucheza, wina akunena kukhwima pakati pa alendo, ndipo amatha tsiku lonse osakumana. Ife tinalawako kusiyana kumeneku sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19. Ana sanasowe ocheza nawo m'midzi. Chimene chinasowa ndi maola a tsiku amene mtsikana amakhala mwana wasukulu m'maso mwa anthu onse, ndipo ambiri sanabwererenso m'kalasi zitseko zitatsegulidwa.

Palinso ngozi ina imene ili m'tanthauzo loyamba lija, lolemekezeka lija. Munthu akangolimva pang'ono amayamba kulankhula ngati anthu ndi dothi chabe. Ndi mmene tinaleredwera, basi, nkhani yatha. Mwamuna womenya mkazi amapeza pobisala, ndipo wa ku bungwe amayang'ana anthu a kumudzi ngati zidole zoumbidwa molakwika zofunika kuziumbanso. Dennis Wrong, katswiri wa ku America, anadzudzula anzake mu 1961 pa mfundo yomweyi, kuti afika pomuona munthu ngati wongomeza chilichonse chimene gulu lamupatsa. Mbiri yathu imamuvomereza. Ndi dziko liti limene linayesetsa kuumba ana ake kuposa Malawi wa chipani chimodzi? Ngodya zinayi, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, zinkaloweredwa pamtima. Panali a Malawi Young Pioneers kuyambira 1963, panali Youth Week, panali nyimbo zotamanda Ngwazi, panali lamulo la kavalidwe la mu 1973 loletsa amayi mathalauzi ndi masiketi aafupi, panali khadi ya chipani pa chipata cha msika. Zaka pafupifupi 30 za chiphunzitso chimodzi. Koma kalata ya maepiskopi a Katolika itawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, anthu oleredwa m'ngodya zinayi omwewo anaimvetsa tsiku lomwelo, ndipo pa 14 Juni 1993 pafupifupi awiri mwa atatu alionse ovota anasankha zipani zambiri. Kunali aphunzitsi ena amene boma silinawawerengere: amalume obwera ku migodi ya ku Joni ndi ku Harare ndi nkhani zina, wayilesi zakunja zomvera chapansipansi usiku, maliro a anthu osowa mosadziwika bwino, ndi nzeru za munthu mwini poona kuti zonenedwa ndi zochitika sizikugwirizana. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Amene amati socialization ngati kuti ndi mtsinje umodzi wokokolola onse amaiwala kuti olera ndi ambiri, amatsutsana, ndipo woleredwayo amasankha womumvera.

Ndikudziwa chimene anzanga a ku yunivesite anganene. Sayansi iliyonse imafuna mawu ake achidule, ndipo mphunzitsi wa ku Zomba kapena ku Mzuzu sangamatchule aneni asanu ndi mmodzi nthawi iliyonse. Adzawonjeza kuti zina zimene zimaumba munthu zilibe mwini mmodzi: umphawi, msika, foni ya m'manja, TikTok. Mfundo yoyambayo ndikuivomera, m'kalasi momwemo, pakati pa anthu amene agwirizana tanthauzo. Ndipo a Centre for Language Studies, ofufuza za zilankhulo ku yunivesite, akafuna kutipatsa mawu oti ana azilemba pa mayeso, kuumbidwa kwa munthu ndi anthu anzake kungakwane, chifukwa kuumba kumakumbutsa kuti pali woumba. Yachiwiriyo ndikuivomera theka. N'zoona kuti umphawi ulibe nkhope imodzi. Koma pamene umphawi ukufika pa mtsikana wa Sitandade 7, umafika kudzera mwa anthu: amene anati ndalama ya yunifolomu ipite kwa mchimwene wake, amene sanamange chimbudzi cha atsikana pasukulupo, amene anamupatsa K5,000 kuseri kwa golosale. Ngakhale foni ili ndi amene anaigula ndi amene anakonza kuti izionetsa zimene imaonetsa. Kutchula anthu amenewa si kusaka mfiti. Ndi njira yokhayo yodziwira khomo loti tigogode.

Msonkhano uja utatha ndinayenda ndi anamkungwi aja kanjira kolowera kuchigayo. Sanali okwiya. Anandiuza kuti pali zina zimene iwo anaphunzitsidwa ali namwali zimene anazisiya kale, ndipo anazitchula, ndi zina zimene sadzazisiya ngakhale abwere a galimoto zingati: ukhondo, ulemu kwa akulu, kudziwa thupi lako. Kenako anaima, natula dengu pansi, nandiwerengera pa zala. "Atsikanawa ine ndimakhala nawo masabata awiri pa holide, bambo. Awiri okha. Akanandifunsa za masabata awiriwo ndikanawayankha zonse pamaso pa amfumu. Nanga masabata enawo amakhala ndi ndani?" Anasenzanso dengu lawo, ine n'kubwerera ku bwalo kumene anyamata ankapakira mipando m'galimoto.